Sukulu ya Ndodo pa Chilumba cha Cebu

Nkhani ya sabata ino yachokera kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu za mchere, ku dziko la Philippines. Dziko limeneli lili kumwera chakuvuma kwa Asia, ndipo ndi la zilumba zokhazokha, zoposa 7,600. Chaka ndi chaka amuna ndi akazi ochokera ku Ulaya, ku America, ku Australia ndi ku maiko ena amatsanzika ku ntchito zao kwa sabata imodzi kapena ziŵiri, nalipira ndalama zochuluka za ndege, kuti akaphunzire kugwira ndodo. Omvera ena angathe kuseka atamva zimenezi, pakuti ndodo ndi chinthu chimene kamnyamata kalikonse koŵeta ng'ombe kamachidziŵa kasanayambe n'komwe sukulu. Koma ndodo ya ku Philippines ili ndi mbiri yake, malamulo ake ndi anamkungwi ake, ndipo amene adakaloŵako ku msasa wa maphunziro ake amabwerako ali ndi matuza m'manja ndi nkhani zambiri pakamwa.

Luso limeneli lili ndi maina atatu. Kumpoto, pa chilumba chachikulu cha Luzon pamene pali likulu la Manila, amalitcha Arnis. M'zilumba zapakati, zotchedwa Visayas, amati Eskrima. Kunja kwa dzikolo, makamaka ku America, dzina limene lidafala kwambiri ndi Kali. Maina aŵiri oyambawo adachokera ku chiyankhulo cha ku Spain, popeza dziko la Spain lidalamula zilumbazi kuyambira mu 1565 kufikira mu 1898. Eskrima adachokera ku mau oti esgrima, kutanthauza luso lomenyana ndi malupanga, pamene Arnis adachokera ku mau oti arnés, amene ndi zovala zotchinjiriza msilikali pa nkhondo. Mpaka lero mau ambiri amene mlendo amamva pa bwalo la maphunziro ndi a ku Spain, ngakhale kuŵerenga kumene amati uno, dos, tres.

Mlendo wopita ku Cebu amatera pa bwalo la ndege limene lili pa kachilumba ka Mactan, mu mzinda wotchedwa Lapu-Lapu. Dzina limeneli ndi la mfumu imene anthu ake adagonjetsa Ferdinand Magellan pa 27 Epulo 1521. Antonio Pigafetta, amene adali pa ulendowo nalemba zimene adaona, adasimba kuti zombo zidalephera kufika pafupi ndi gombe chifukwa cha miyala ya m'madzi, kotero kuti amuna 49 adatsika nayenda m'madzi kukakomana ndi ankhondo oposa 1,500 onyamula mikondo ya nsungwi, mitengo yosongola yoŵaula pa moto, mivi, zishango ndi malupanga. Magellan adalasidwa mwendo, ndipo adafera pa gombe lomwelo. Aphunzitsi ambiri a ndodo amanyadira Lapu-Lapu ngati kholo la luso lao. Komabe mu 2007 anthu aŵiri a ku Cebu komweko, Ned Nepangue ndi Celestino Macachor, adatulutsa buku lotchedwa Cebuano Eskrima: Beyond the Myth, m'mene adatsutsa ganizo limeneli. Iwo adati Eskrima idakula pa nthaŵi ya ulamuliro wa Spain, pakati pa anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amene ankadziteteza kwa achifwamba a m'mabwato ochokera kumwera. Mtsutso umenewu sudathe, ndipo mlendo wanzeru amamvetsera mbali zonse ziŵiri osaloŵerera.

Mbiri yosakayikitsa imayambira m'zaka za m'ma 1900. Mu 1920 Lorenzo Saavedra adayambitsa gulu lotchedwa Labangon Fencing Club mu mzinda wa Cebu. Gululo litatha, a banja la Saavedra ndi a banja la Cañete adagwirizana mu 1932 nakhazikitsa bungwe la Doce Pares, limene lidakalipo mpaka lero. Dzinali adalitenga ku nthano za ngwazi khumi ndi ziŵiri za mfumu Charlemagne ya ku Ulaya. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, pamene asilikali a ku Japan adalanda zilumbazi kuyambira mu 1942 kufikira mu 1945, akatswiri ena a bungweli adaloŵa m'magulu omenya nkhondo mobisala, ndipo mmodzi mwa odziŵika kwambiri, Teodoro Saavedra, adaphedwa. Nkhondo itatha, m'zaka za m'ma 1950, Venancio Bacon adachoka mu Doce Pares nayamba kuphunzitsa kuseri kwa kanyumba kokonzeramo mawotchi mu mseu wa Balintawak. Njira yake, yogwiritsa ndodo imodzi pomenyana moyandikana kwambiri, idatenga dzina la mseuwo. Motero mzinda umodzi udabala sukulu ziŵiri zikuluzikulu zimene zidakhala pa mpikisano kwa zaka zambiri.

Tsono luso la m'makhonde a ku Cebu lidafika bwanji kwa anthu a ku maiko akutali? Lidayenda ndi aganyu. Anthu ambiri a ku Philippines adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Hawaii ndi ku California, ndipo ena mwa iwo adali akatswiri a ndodo amene ankabisa luso lao. Mu 1966 Angel Cabales adatsekula sukulu yoonekera poyera mu mzinda wa Stockton. Dan Inosanto, wobadwira mu mzinda womwewo mu 1936, adaphunzira kwa madoda ameneŵa, nakhalanso bwenzi ndi wophunzira wa Bruce Lee. Amene adaonera kanema wa Enter the Dragon wa mu 1973 adzakumbukira Bruce Lee akumenyana ndi ndodo ziŵiri, ndipo mu Game of Death, amene adatuluka mu 1978, Inosanto mwini wake amaoneka atagwira ndodo zake. Winanso amene adafalitsa lusoli ndi Remy Presas wa ku chilumba cha Negros, amene adayambitsa njira yotchedwa Modern Arnis, nasamukira ku America m'zaka za m'ma 1970, nayendayenda kuchititsa misasa ya maphunziro kufikira imfa yake mu 2001. Ophunzira a anthu ameneŵa ndi zidzukulu zao m'lusoli ndiwo amene lero amafuna kukaona kumene mtsinje udachokera. Paja akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi.

Chimene chimayamba kudabwitsa mlendo ndi kuchepa kwa malo ophunzirira. Masukulu ena akuluakulu ali ndi nyumba zao, koma kaŵirikaŵiri bwalo limakhala khonde la nyumba, garaja, pabwalo la mpira wa manja wa basketball, kapena mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Mphunzitsi, amene amamutcha guro kapena maestro, angathe kukhala mdala woonda wovala kabudula ndi nkhwaila, amene munthu atakomana naye pa msika sangamuganizire kanthu. Ulemu kwa akuluakulu ndi waukulu m'dzikomo. Pali mwambo wotchedwa mano, pamene wamng'ono amagwira dzanja la mkulu naligunditsa pa mphumi pake, ndipo maphunziro a ndodo amayamba ndi kutha ndi malonje a ulemu kwa mphunzitsi ndi kwa mnzako woseŵera naye. Mlendo amene wafika ndi malamba ndi zikalata za ku masukulu ena amaimikidwa pa mzere womwewo ndi kamwana ka zaka khumi.

Ndodo imene amampatsa amaitcha baston, ndipo m'chiyankhulo cha ku Cebu amati olisi. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 70, ngati mkono wa munthu wamkulu. Amaidula ku chomera chotchedwa rattan, chimene ndi mtundu wa kanjedza woyanga m'mitengo ya m'nkhalango, chomwenso amalukira mipando. Adasankha chomera chimenechi pa zifukwa zomveka. Ndi chopepuka, ndi cholimba, ndipo chikatha sichithyoka ndi kulasa munthu monga umachitira mtengo wouma, koma chimangonyenyeka kukhala ulusiulusi. Ndodo ziŵiri zikagundana mofulumira kwa nthaŵi yaitali, pabwalo pamamveka fungo ngati la chinthu chopserera. Palinso ndodo zolemera za mitengo ya kamagong ndi bahi, koma zimenezi amazisunga zolimbitsira manja, chifukwa zingathe kuswa fupa.

M'maluso ambiri omenyana, monga karate, wophunzira amayamba ndi manja, ndipo zida amadzazigwira patapita zaka. Ku Philippines zinthu ndi zotembenuza: chida amampatsa munthu tsiku loyamba. Ganizo lake ndi lakuti mlimi wa m'zilumbazi sankayenda chimanjamanja, ankanyamula chikwanje chotchedwa bolo chimene ankalimira ndi kusendera kokonati, ndipo amene angadzamuukire nayenso adzakhala ndi chake. Ndodo imaimira chikwanjecho. Chifukwa chake mphunzitsi amadzudzula wophunzira amene amagwira ndodo ya mnzake paliponse, namufunsa kuti, chikadakhala chikwanje, zala zikadatsala zingati? Munthu akazoloŵera mayendedwe a ndodo, mayendedwe omwewo amaŵagwiritsa ntchito ndi mpeni, ambulera, nyuzipepala yopinda, kapena manja okha.

Phunziro loyamba ndi la njira zimene ndodo imadzera. Masukulu ambiri amaŵerenga njira khumi ndi ziŵiri, ngakhale kuti ndondomeko yake imasiyana sukulu ndi sukulu. Mu Modern Arnis, yoyamba ndi yachiŵiri zimalunjika m'mbali mwa mutu, kumanzere ndi kumanja. Yachitatu ndi yachinai m'mikono ndi m'nthiti. Yachisanu ndi yobaya pamimba. Ziŵiri zotsatira ndi zobaya pachifuwa. Zina ziŵiri ndi za m'maondo. Zinanso ziŵiri ndi za m'maso. Ndipo yotsiriza imatsika paliwombo. Nzeru yake ndi yakuti wophunzira asavutike kuloŵeza njira zana zodzitetezera ku zida zana. Kaya mdani wagwira botolo, kaya chitsulo, kaya chikwanje, chida chakecho chidzadzera imodzi mwa njira zimenezi, ndipo amene waidziŵa njirayo wadziŵa poima. Tsono m'maŵa wonse umatha mphunzitsi akufuula manambala, ophunzira akumenya mphepo kapena matayala akale omangirira pa mtengo, kufikira khungu la m'manja litatupa ndi kuphulika. Pofika tsiku lachiŵiri, pafupifupi mlendo aliyense amakhala atakulunga zala zake ndi pulasitala.

Pambuyo pake amaphunzira mapazi. Ophunzira amaponda pa ngodya zitatu, monga mafuwa a pa moto, kusuntha kuchoka pa fuwa lina kupita pa linzake, kuti ndodo ya mdani ipeze munthu atachokapo kale pamene adali. Aphunzitsi ena amaika pansi zigoba zitatu za kokonati kuti wophunzira aziponda pamwamba pake osagwa. Amaphunziranso kuyesa mtunda: largo ndi patali, pamene ndodo imangofika pa dzanja la mdani, medio ndi pakatikati, corto ndi pafupi, pamene thako la ndodo, chigongono ndi bondo zimagwira ntchito. Masana amatenga ndodo ziŵiri, imodzi ku dzanja lililonse, nachita zimene amazitcha sinawali. Dzinali lidachokera ku sawali, nsungwi zoluka zimene amamangira zipupa za nyumba, pakuti ndodo zinai za anthu aŵiri zimapingasana monga muja zimachitira nsungwi za lichero. Anthu makumi aŵiri akamachita sinawali nthaŵi imodzi, phokoso lake limamveka ngati akazi akusinja chimanga m'mitondo yambiri. Cholinga chake ndi kudzutsa dzanja lamanzere, limene mwa anthu ambiri limakhala laulesi.

Pali ziphunzitso ziŵiri zimene mlendo amazimva kaŵirikaŵiri. Choyamba amachitcha kuzula mano a njoka. Njoka yopanda mano ilibe ululu, chimodzimodzinso mdani amene dzanja lake logwira chida lamenyedwa. Motero katswiri salimbana ndi ndodo ya mnzake, amafuna zala zimene zaigwira. Aphunzitsi akale ankamenyadi zalazo pophunzitsa, ndipo ophunzira ambiri ankathaŵa. Remy Presas adasintha zimenezi polola kuti pophunzira ndodo izigunda ndodo inzake, ndipo ichi chidathandiza kuti lusoli liloŵe m'masukulu a ana. Chachiŵiri ndi dzanja lamoyo, ndiye kuti dzanja limene silidagwire ndodo. Limeneli limakhala pafupi ndi chifuwa, lokonzeka kukankha, kugwira, kutchinga ndi kulanda. M'sukulu ya Balintawak mphunzitsi amaima maso ndi maso ndi wophunzira mmodzi, namponyera ndodo pang'onopang'ono, wophunzirayo n'kumatchinga ndi kubweza. Liŵiro limakwera malinga ndi m'mene wophunzira akugwirira, ndipo paliponse pamene wasiya mpata, kandodo kamamkhudza pang'ono kumkumbutsa. Apa ndi pamene mwamuna wamphamvu wa zaka makumi atatu amazindikira kuti mdala wa zaka makumi asanu ndi aŵiri akumseŵeretsa ngati mphaka ndi mbeŵa.

Mdani wina wa mlendo ndi nyengo. Ku Cebu kumatentha chaka chonse, ndipo mpweya wake ndi wachinyontho, kotero kuti thukuta siliuma pathupi. Miyezi ya Epulo ndi Meyi ndiyo yotentha koposa, pamene kumapeto kwa chaka kumabwera anamondwe, monga uja wotchedwa Odette amene adasakaza chilumbachi mu Disembala 2021. Chifukwa cha kutenthaku maphunziro amayamba m'mamaŵa, napumira dzuŵa likafika paliwombo, n'kudzayambanso chakumadzulo. Amene samwa madzi okwanira amagwa ndi chizungulire tsiku loyamba lomwe. Chakudya ndi mpunga katatu pa tsiku, ndi nsomba zouma zamchere, ndiwo zamasamba kapena nkhuku. Pali mpunga wina wotchedwa puso umene amauphikira m'timatumba toluka ta masamba a kokonati, ndipo pa tsiku lotsekera msasa kaŵirikaŵiri amaotcha nkhumba yathunthu, imene amaitcha lechon. Madzulo akatha kudya, madoda amasimba za masiku a juego todo, pamene akatswiri aŵiri ankamenyana ndi ndodo opanda chodzitchinjiriza chilichonse kufikira wina atagonja kapena kukomoka.

Masiku ameneŵa adapita. Mpikisano woyamba wa dziko lonse la Philippines udachitikira ku Cebu mu 1979, ndipo mu 1989 loya wina wa m'banja la Cañete, Dionisio Cañete, adatsogolera kukhazikitsa bungwe la maiko onse lotchedwa World Eskrima Kali Arnis Federation, limene mpikisano wake woyamba udachitikira mu mzinda womwewo. Opikisana amavala chipeŵa chokhala ndi mawaya achitsulo kumaso, chijasi chochindikala ndi magolovesi, namenyana magawo atatu a mphindi imodzi imodzi. Mlendo amavekedwa zimenezi chakumapeto kwa msasa. Mphindi imodzi imaoneka yochepa kwa woonerera, koma kwa amene ali m'kati mwa chipeŵacho, akupuma movutika, ndodo zikugwa ngati matalala, imatalika ngati ulendo wapansi. Ambiri amapeza kuti zokongola zonse zimene adaloŵeza zauluka, kwatsala njira ziŵiri kapena zitatu zokha zimene thupi lidazimeza. Aphunzitsi ena akale amadandaula kuti zovala zimenezi zimaphunzitsa anthu kusasamala, chifukwa munthu amalola kumenyedwa pamutu kuti naye amenye, chinthu chimene pa chikwanje chenicheni sichingachitike kaŵiri.

Ulendo wotere uli ndi misampha yake. Popeza alendo amabwera ndi ndalama, padabukanso anthu odzitcha akatswiri aakulu amene amagaŵa zikalata za uphunzitsi kwa munthu amene waphunzira masiku khumi okha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikalata chotero chimaika pa ngozi mwini wake ndi onse amene adzaŵaphunzitse, makamaka pa nkhani ya mpeni. Aphunzitsi oona mtima amanena mosabisa kuti pa ndeu ya mpeni ngakhale wopambana amatuluka magazi, ndipo kuti nzeru yoyamba ndi kuthaŵa ngati njira ilipo, kapena kupereka chikwama chimene wakuba akufuna. Pali chinanso chimene chimavutitsa mtima wa mlendo woganiza. Ena mwa akatswiri enieni adakhala ndi kufa ali amphaŵi, pamene maina ao ankagulitsa mabuku ndi makanema kunja. Antonio Ilustrisimo, amene ambiri amamuŵerengera pakati pa akatswiri oposa onse a lupanga, adakhala zaka zake za ukalamba ku Tondo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Manila, kufikira imfa yake mu 1997. Wophunzira wolungama amafufuza kuti ndalama zake zikuloŵa m'thumba la yani, ndipo akabwerera kwao amatchula dzina la amene adamphunzitsa.

Kwa zaka zambiri achinyamata a ku Philippines ankaona ndodo ngati chinthu cha alimi ndi ambanda, nathamangira karate, taekwondo ndi basketball. Kubwera kwa alendo kudathandiza kuti eni ake aonenso mtengo wa chuma chao. Pa 11 Disembala 2009 Pulezidenti Gloria Macapagal Arroyo adasaina lamulo nambala 9850, limene lidakhazikitsa Arnis kukhala luso lomenyana ndi maseŵera a fuko lonse, nalamula kuti aziphunzitsidwa m'masukulu. Mu 2019, pamene dzikolo lidalandira maseŵera a maiko a kumwera chakuvuma kwa Asia, oseŵera ake adatenga mamendulo a golide 14 mwa 20 a Arnis. Ciriaco Cañete, wodziŵika ndi dzina loti Cacoy, wotsiriza mwa abale amene adali m'bungwe la Doce Pares kuyambira pachiyambi, adakhala ndi moyo mpaka kuona lamulolo likugwira ntchito, ndipo adamwalira mu 2016 ali ndi zaka 96.

Pa tsiku lotsiriza mlendo amamanga mtolo wa ndodo zatsopano, pakuti kwao zimadula, natsanzika ndi mau oti salamat, kutanthauza zikomo. Sabata ziŵiri sizipanga katswiri, ndipo mphunzitsi wabwino amamuuza zimenezi poyera. Chimene watenga ndi mbeu chabe: kaimidwe kokonzedwa, zolakwa zake zimene waziona ndi maso, ndi muyeso wa m'mene luso lenileni limaonekera, kuti asadzanamizidwenso ndi aliyense wozunguza ndodo mokometsera. Mbeuyo idzamera pokhapokha akapeza mnzake woseŵera naye, nabwereza njira khumi ndi ziŵiri zija m'maŵa uliwonse kwa zaka zambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri mwa amene amapirira amasunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo pakapita chaka chimodzi kapena ziŵiri amaonekanso pa khonde lomwe lija ku Cebu, ataima pa mzere ndi ana, kudikira kuti mdala afuule nambala yoyamba.